Kodi Mumadziwa? Golide Amayeza Madzi a Mumsana

Kodi mumadziwa kuti ubongo ndi mtsempha wa mumsana zimakhala m'madzi? Munthu wamkulu amakhala ndi mamililita pafupifupi 150 a madziwa, koma thupi limapanga pafupifupi 500 tsiku lililonse. Choncho timadzi timene dokotala amatenga kumsana timabwereramo m'maola ochepa.

Nanga mapuloteni? Mwa munthu wamkulu wabwinobwino amakhala mamiligalamu 15 mpaka 45 m'mamililita 100 a madziwa. Akachuluka, dokotala amayamba kuganizira matenda oumitsa khosi kapena TB ya muubongo.

Kodi mumadziwa kuti golide akagawidwa kukhala timibulu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, amasiya chikasu chake n'kufiira? Timibuluti tikaundana, mtundu umasanduka wabuluu kapena kuzimirira. Mu 1912, Carl Lange wa ku Germany anadalira zimenezi poyeza mapuloteni a m'madzi a mumsana pofufuza chindoko chimene chalowa muubongo. Zaka zoposa 100 zapitazo! Asayansi a masiku ano abwereranso ku golide yemweyo, akufuna kachipangizo kosonyeza kuchuluka kwa mapuloteni pompopompo, popanda makina a mulabotale.

Kachipangizo kena kodalira golide kafika kale m'zipatala. Ndi kapepala ka CrAg ka kampani ya IMMY, kofanana ndi koyezera malungo. Mzere wofiira umene umatuluka ndi golide. Ikoka sikayeza mapuloteni, kamagwira chikuto cha fangasi wotchedwa Cryptococcus, amene amaumitsa khosi anthu amene HIV yawafooketsa kwambiri. Yankho limatuluka m'mphindi 10, ndipo kapepalako sikafuna firiji.

Kodi mumadziwa kuti Zambia inathandiza kuonetsa phindu lofufuza fangasiyu msanga? Kafukufuku wa REMSTART, wochitikira ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, anapeza mu 2015 kuti kuyeza CrAg m'magazi komanso kuyendera odwala kunyumba kunachepetsa imfa ndi 28 peresenti.

Chimene chimandipweteka mtima n'ichi. Kuno ku Livingstone, kaya ku Maramba, Libuyu kapena Dambwa, mawu akuti kutenga madzi kumsana amaopsabe, ndipo abale ena amakana poopa kuti singanoyo ndi imene imapha. Zoona zake n'zakuti odwala ambiri amafika kuchipatala chachikulu matenda atakula kale. Pa nthenda ya fangasiyi madzi amachuluka n'kupanikiza ubongo, moti kuwachotsako ndi mbali ya chithandizo, ndipo mutu woopsa umene odwala amamva umapepuka.