Chithunzi chidapita kunja, nanga ndalama zili kuti?

Tsiku lojambula zithunzi ana amasamba m'mamawa ngati kuli ukwati. Wopanda malaya abwino amabwereka kwa mnzake, ndipo mayi amamudzoza mafuta mpaka nkhope kuchita phuliphuli. Anthu odzipereka a m'mudzi amawaimika pamzere pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi nambala yake. Chithunzicho chikafika ku Britain, Germany kapena South Korea, wina amachimata pafiriji n'kuyamba kupereka ndalama mwezi ndi mwezi. Kumudzi kuno munthuyo amangotchedwa mzungu wake wa mwana, khungu lake likhale lotani.

Njirayi ndi yakale. Bungwe la Plan International lidabadwa mu 1937 pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, pomwe mtolankhani John Langdon-Davies ankafunira ana ovutika anthu owasamala. Ku Malawi lidafika mu 1994, chaka chomwe boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ku pulayimale, ana n'kukhamukira m'sukulu kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Apo n'kuti World Vision itakhazikika kale m'dziko muno.

Kusamvana kumayamba pakatha miyezi ingapo. Kholo limadikira envulopu, envulopu osabwera. Mabungwe awiriwa sapereka ndalama za mwezi ndi mwezi m'manja mwa mwana. Amaziphatikiza n'kukumba mjigo, kumanga midadada ya sukulu ndi zimbudzi, kapena kuphunzitsa olera ana kusukulu za mkaka. Mwana wolembedwayo amakhala ngati kazembe wa mudzi wonse. Ndipo nzeru yake ikumveka: kugulira mwana mmodzi yunifolomu ndi nsapato, pomwe mng'ono wake wogona naye mphasa imodzi akuyenda chapansi, n'kubzala nsanje pakhomo.

Koma kholo nalo silikulakwa kufunsa. Nkhope yomwe idapita kunja ndi ya mwana wake, pomwe madzi a pamjigo akutunga ndi aliyense, ngakhale uja adakana kulembetsa ana ake poopa kuti akawagulitsa. Mjigo sudyedwa. Ikafika Febuluwale nkhokwe ili gwaa, kazembe uja amajomba kusukulu n'kutsagana ndi amake kuganyu. Vuto lalikulu ndi loti kunjako amaonetsa nkhope imodzi chifukwa ndiyo imagwira mtima, pomwe kuno amagawira mudzi, ndipo si makolo onse amene amamvetsa zimenezi asanadinde chala papepala.

Ena adasankha njira yosafuna chithunzi. Mary's Meals idayamba mu 2002 ndi ana 200 ku Blantyre, ndipo mwana aliyense wa pasukulu yomwe akuphikapo amalandira phala la Likuni, bola abwere ndi kapu. Mtukula Pakhomo, yomwe boma lidayambira ku Mchinji mu 2006, imapereka ndalama kubanja losaukitsitsa lopanda munthu wamphamvu zogwirira ntchito.

Zotsalira mwana wojambulidwa uja yekha ndi makalata olemberana ndi mzungu wake. Wa Sitandade 3 amajambula nyumba, nkhuku ndi dzuwa, wina n'kumasulira mawu ake ochepawo m'Chingerezi. Ena amayankhidwa, ndi chithunzi cha banja litaima pachipale chofewa, galu ali pambali. Ena amalemba chaka ndi chaka mpaka kufika Sitandade 8 osalandirako ngakhale kakhadi.