OULUTSA MPIKISANO WA NJINGA PA KANEMA AUTSA MKANGANO

Mzinda wa Kitwe ndiwo unayamba kuona wailesi ya kanema m'dziko muno m'caka ca 1961, ufulu usanabwere. Anthu a ku Migodi, ku Kitwe ndi ku Ndola, samukhulupirira msanga munthu woulutsa masewera, pakuti anakula akumva malemu a Dennis Liwewe, mbadwa ya ku Malawi amene anayamba nchito yolemba nkhani komweko ku migodi. Liu lao likakwera pa wailesi, ngakhale nkhalamba yosadziwa mpira inkaimika khasu. A Liwewe anatisiya m'caka ca 2014, koma muyeso umene anausiya ulipobe.

Munthu wozolowera muyeso wotere akayamba kuonerera Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga umene unayamba mu 1903, amadabwa. Opalasa amayenda masiku 21, mtunda woposa makilomita 3,000, koma oulutsa amalankhula mofatsa, nthawi zina nkusiya njinga kuyamba kusimba za macalici akale ndi nyumba za mafumu a ku France zimene ndege ikuonetsa. Ocemerera ena amanyansidwa nazo, amati ndi kutaya nthawi. Ena amati mbiri zimenezi ndizo zimawasunga pa mpando.

Ife tiona kuti odandaulawo aiwala cinthu cimodzi. Mpira umatha m'mphindi 90, pamene opalasa amakhala pa msewu maola anai kapena asanu pa tsiku, ndipo palibe kholingo lingafuule nthawi yonseyo. Cimene woonerera afuna ndi kufotokozeredwa. Nanga ncifukwa ninji katswiri wamphamvu koposa onse amabisala pakati pa gulu tsiku lonse? Yankho lace ndi mphepo. Aliyense amene anapalasapo njinga kucoka ku Katete kupita ku Chipata mphepo ikuomba kumaso adziwa kulemera kwace. Wobisala kumbuyo kwa mnzace amasunga mphamvu zambiri, motero m'gulu la anthu asanu ndi atatu, asanu ndi awiri amadzipereka kuchinga mphepo, kutunga madzi ndi kuthamangitsa adani kuti mmodzi yekha apambane. Malaya acikasu amavala amene nthawi yace ya masiku onse ikaphatikizidwa ndi yocepa, cotero munthu angathe kutenga mpikisano wonse wosafikapo woyamba tsiku ndi limodzi lomwe. Muulutsi wosamasulira izi wasiya woonerera mumdima, afuule asafuule.

Koma mlandu wolemera ndi wa coonadi. A Phil Liggett ndi a Paul Sherwen anaulutsa mpikisanowu pamodzi zaka zoposa 30, ndipo mau ao anafika m'maiko ambiri olankhula Cingerezi. Awiriwa anatamanda kwambiri Lance Armstrong wa ku America pamene ankapambana kasanu ndi kawiri kucokera mu 1999 mpaka 2005, ndipo a Liggett anapitiriza kumuikira kumbuyo ngakhale umboni wa mankhwala oonjezera mphamvu utaculuka. Mu 2012 Armstrong analandidwa zipambano zonsezo, ndipo mu January 2013 anaulula yekha. Kufikira lero ocemerera sagwirizana: ena amati oulutsawo ananyengedwa monga tonsefe, ena amati munthu wokhala pafupi ndi moto sangalephere kumva utsi. A Sherwen, amene anakulira ku Kenya, anamwalira ku Kampala mu December 2018.

Masiku ano Africa ali ndi ace omwe oti awacemerere. Pa 1 July 2024, mumzinda wa Turin, Biniam Girmay wa ku Eritrea anakhala munthu wakuda woyamba wa muno mu Africa kupambana tsiku m'mpikisanowu. Anapambana masiku atatu natenga malaya obiriwira. Mu September 2025 mpikisano wa akatswiri a dziko lonse lapansi unacitikira ku Kigali, koyamba mu Africa.

Ku Cigawo ca Kum'mawa, kumene fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inkapanga njinga za Eagle, njinga imanyamula cimanga, makala ndi odwala. Wailesi ya ZNBC imalankhula m'zinenero zisanu ndi ziwiri za dziko lino, koma Tour de France imafika kwa ife m'Cingerezi, pa kanema wa SuperSport amene munthu ayenera kulipira mwezi ndi mwezi.