Magemu Amene Anatsegula Njira mu M'badwo Uliwonse wa Makina

Anthu amene amalemba mbiri ya masewera a pa kanema, amene achinyamata amangowatchula kuti magemu, amagawa makina ake m'mibadwo monga momwe mkulu wa banja amawerengera mzere wa makolo ake. Makina amene anatuluka pa nyengo imodzi, a mphamvu zofanana ndiponso olimbirana msika umodzi, amawerengedwa kuti ndi m'badwo umodzi. Kuyambira m'chaka cha 1972 kufikira lero, mibadwoyi yakwana isanu ndi inayi. Tsono funso limene limautsa mkangano pakati pa odziwa za masewerawa ndi lakuti: kodi mu m'badwo uliwonse, ndi gemu iti imene inasintha zinthu koposa zinzake?

Poyankha funsoli pafunika muyeso, pakuti gemu yogulidwa kwambiri sindiyo nthawi zonse imene imatsegula njira. M'nyumba zosewereramo za m'matauni a m'Malawi muno anyamata amaswera pa magemu a mpira wamiyendo, koma kutchuka n'kwina, kusintha luso la ntchito n'kwinanso. Muyeso wabwino uli ndi mafunso atatu. Kodi opanga magemu amene anadza pambuyo anatengerapo nzeru? Kodi anthu anagula makinawo chifukwa cha gemu imeneyo? Nanga kodi inasintha malamulo, malonda kapena khalidwe la osewera?

M'badwo woyamba ulibe mkangano waukulu. Makina oyamba olumikiza ku wailesi yakanema ya m'nyumba anali Magnavox Odyssey, amene anachokera m'nzeru za Ralph Baer ndipo anayamba kugulitsidwa ku America mu 1972. Koma gemu imene inakopa mitima inali Pong, yopangidwa ndi Allan Alcorn ku kampani ya Atari m'chaka chomwecho. Inali ya timizere tiwiri tokankhirana kadontho koyera, basi. Atari itatulutsa Pong ya m'nyumba mu 1975, makampani ambirimbiri anathamangira kupanga makina otengera pa iyo.

M'badwo wachiwiri unabweretsa makina olola kusintha magemu polowetsa timabokosi, ndipo otchuka anali Atari 2600 a mu 1977. Ulemu wa m'badwo umenewu uyenera kupita kwa Space Invaders, imene Tomohiro Nishikado anapanga ku Japan mu 1978. Itafika pa makina a Atari mu 1980, mabanja anagula makinawo kuti aisewere iyo yokhayo. Apa amalonda anaphunzira kuti munthu sagula makina chifukwa cha mawaya ake, koma chifukwa cha gemu imene akuifuna. Komabe posakhalitsa magemu opangidwa mwachisawawa anasefukira m'masitolo, ogula anagwa ulesi, ndipo mu 1983 msika wa ku America unagwa, mpaka Atari inakwirira katundu wosagulika m'dzala ku Alamogordo.

Amene anadzutsa msikawo mu m'badwo wachitatu ndi kampani ya Nintendo, ndipo chida chake chinali Super Mario Bros. ya mu 1985, ntchito ya Shigeru Miyamoto ndi anzake. Chithunzi chake chinkayenda cham'mbali potsata wosewera, ndipo chigawo choyamba chinakonzedwa mwakuti munthu ankaphunzira kudumpha ndi kupewa adani popanda womuuza. Inagulidwa yoposa 40 miliyoni. Nintendo inaikanso lamulo lakuti gemu iliyonse ya pa makina ake iziyamba yavomerezedwa ndi kampaniyo, poopa kuti tsoka la 1983 lingabwerenso.

Pa m'badwo wachinayi, wa Mega Drive ndi Super Nintendo, akatswiri amagawanika. Ena amatchula Sonic the Hedgehog ya mu 1991, imene inapatsa kampani ya Sega mphamvu zolimbana ndi Nintendo. Ena amatchula Mortal Kombat, imene mwazi wake unachititsa kuti nyumba ya malamulo ya ku America ikambirane za magemu mu 1993, ndipo mu 1994 panabadwa bungwe la ESRB lolemba msinkhu woyenera pa gemu iliyonse. Koma Mortal Kombat inaponda m'mapazi a Street Fighter II ya kampani ya Capcom, imene inatuluka mu 1991 nifika m'nyumba mu 1992. Imeneyi ndiyo inakhazikitsa mwambo wakuti anthu awiri asankhe ankhonya a maluso osiyana ndi kuyesana nzeru maso ndi maso. Popeza mwana sabala atate ake, ulemu upite kwa Street Fighter II.

M'badwo wachisanu ukuonetsa poyera kusiyana kwa malonda ndi chikoka. Makina a PlayStation, amene Sony inatulutsa mu 1994, anagulidwa oposa 100 miliyoni, pamene a Nintendo 64 anangokwana pafupifupi 33 miliyoni. Komatu gemu imene inaphunzitsa opanga onse inali pa makina ogonjawo. Super Mario 64 ya mu 1996 inasonyeza momwe munthu angayendere kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali m'dziko lokhala ndi kuya, pokankha kandodo ndi chala chachikulu, kwinaku akutembenuza diso la kamera. Magemu ambiri a lero akuyendabe m'njira imeneyi.

Mu m'badwo wachisanu ndi chimodzi, wa PlayStation 2, munatuluka Grand Theft Auto III mu 2001, yopangidwa ku Edinburgh m'dziko la Scotland. Wosewera anapatsidwa mzinda wathunthu wokhala ndi misewu, magalimoto ndi wailesi zake, ndi ufulu wopita kumene afuna. Makolo ndi atsogoleri ambiri anaidzudzula chifukwa cha umbanda ndi chiwawa chimene chinali m'menemo, koma opanga magemu anatengera mamangidwe ake kwa zaka zambiri.

M'badwo wachisanu ndi chiwiri uli ndi mayeso ovuta. Wii Sports ya mu 2006, imene inkaseweredwa pogwedeza dzanja, inagulidwa yoposa 80 miliyoni ndipo inasonkhanitsa agogo ndi adzukulu pa bwalo limodzi. Sony ndi Microsoft anaitsanzira mu 2010, koma chidwi cha magemu ogwedeza thupi chinazilala patangopita zaka zochepa. Call of Duty 4: Modern Warfare ya mu 2007 inabzala mbewu yokhalitsa: wosewera pa intaneti amakwera udindo pang'onopang'ono, nalandira zida zatsopano monga mphotho, kotero kuti amabwereranso mawa lake. Pa muyeso wa kutengeredwa, imeneyi ndiyo ikupambana.

Fortnite, imene mpikisano wake wa anthu 100 pa chilumba chimodzi unayamba mu 2017, ndiyo mwini wa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Nzeru ya mpikisanowo inaitenga kwa ena, koma inasintha malonda. Kusewera kunali kwaulere; ndalama zinkalowa pogulitsa zovala ndi magule a m'gemumo, nyengo ndi nyengo. Mu 2018 inachititsa kuti Sony ilole osewera ake kukumana ndi a makina a makampani ena. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2022 kampani ya Epic Games, eni ake a Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni pa milandu imene boma la America linaiimba, yosonkhanitsa mbiri za ana popanda chilolezo cha makolo ndiponso yotchera osewera kuti agule zinthu mosafuna. Apa makolo aone kuti gemu yotsegula njira siitsegula njira zabwino zokhazokha.

Za m'badwo wachisanu ndi chinayi, umene unayamba mu 2020 ndi PlayStation 5 ndi Xbox Series, chigamulo sichinapse. Chikoka cha gemu chimaonekera mwa ana ake, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina angafunse kuti mkangano wonsewu uli ndi phindu lanji. Kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti mwa magemu 100 alionse amene anatuluka ku America chaka cha 2010 chisanafike, 87 sankapezekanso pa msika. Timabokosi timaonongeka, zimbale zimakalika, makampani amatsekedwa. Nyumba zosungira mbiri sizingapulumutse zonse, choncho zimayamba ndi magemu amene anthu agwirizana kuti ndiwo mizu. Gemu imene yasiyidwa pa mndandanda lero, mdzukulu amene adzafune kuphunzira luso limeneli adzangoimva m'nkhani za akulu.