Kudzaza Nsidze Zochepa Popanda Kuzimeta

Atsikana ambiri amene angoyamba kumene zophodaphoda akaona kuti nsidze zawo n'zapatalipatali, amatenga lezala n'kumeta zonse, kenaka n'kujambula mzere umodzi wakuda bii ndi pensulo. Nkhope yotere imaoneka yodabwa tsiku lonse, ngakhale pamaliro. M'nkhani ino ndifotokoza njira ina imene ine ndimaiona kuti ndi yabwino koposa, yosunga tsitsi limene lilipo n'kungodzaza mipata yake. Mfundo yake ndi yakuti nsidze ndi tsitsi, choncho chimene tikujambula chiyenera kufanana ndi tsitsi.

Nsidze zopyapyala zinatchuka ndi akatswiri a mafilimu monga Jean Harlow ndi Marlene Dietrich m'zaka za m'ma 1930, ndipo zinabweranso m'zaka za m'ma 1990. Vuto ndi lakuti tsitsi la nsidze limakula pang'onopang'ono kusiyana ndi la kumutu, ndipo limene lazulidwazulidwa kwa zaka zambiri nthawi zina silimeranso. Fashoni ikatha, mwini nkhope amatsala ndi mipata. N'chifukwa chake woyamba kumene achotse tsitsi lokhalo limene latalikira kunsi kwa nsidze, lina lonse alisiye.

Zofunika ndi zochepa: pensulo ya nsidze yosongoka bwino, kabulashi kopesera (mswachi wakale wotsukidwa bwino umagwira ntchito yomweyo) ndi kalilole woikidwa pafupi ndi zenera. Pa khungu lakuda ngati lathu, ndimakonda pensulo ya bulauni woderapo, chifukwa yakuda kwambiri imaumitsa nkhope.

Musanadzaze, yezani. Imikani pensulo pambali pa mphuno molunjika m'mwamba. Pamene yadutsa pa nsidze ndi poyambira. Kenaka, kunsi kwake kuli pamphuno pomwepo, ipendekeni kuti idutse m'mphepete mwakunja mwa kadiso kakuda mukuyang'ana kutsogolo. Pamenepo ndi pamene nsidze iyenera kukwera kwambiri. Ipendekeninso mpaka ifike pangodya yakunja ya diso, ndipo apo ndi pothera. Ikani kadontho pamalo atatu onsewa. Mchira ukapitirira kadontho kotsiriza n'kutsikira kutsaya, nkhope imaoneka yotopa.

Ntchito yeniyeni ili pa kudzaza. Pukutani mafuta onse pakhungu, chifukwa pensulo imaterereka pa Vaseline, ndipo pesani nsidze mokwezera m'mwamba kuti mipata ioneke. Yambirani pakati, osati pafupi ndi mphuno. Gwirani pensulo chakumapeto kwake kuti dzanja lisalemere, ndipo lembani timizere tating'onoting'ono, kalikonse kotalika ngati tsitsi limodzi. Yang'anitsitsani kumene tsitsi lanu lalowera: pafupi ndi mphuno limaima chilili, pakati limapendekera kumbali, ndipo kumchira limagona n'kuweramira pansi pang'ono. Timizere tanu titsatire njira yomweyo. Pakati ndi kumchira mutha kuderetsa, koma poyambira pazikhala popepuka, timizere tiwiri kapena titatu basi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, pojambula kabokosi ka ngodya zinayi pamene chilengedwe chinaika tsitsi lochepa. Mukatha, pesaninso ndi kabulashi kuti utoto ulowerere m'tsitsi, kenaka bwererani m'mbuyo mapazi awiri. Kalilole wapafupi amanama. Anthu adzakuonani ali chapatali.

Nsidze ziwiri sizifanana ndendende pa munthu aliyense. Amene amalimbana nazo kuti zifanane amawonjezera kuno, n'kuwonjezeranso uko, mpaka zonse ziwiri zitanenepa ngati mphalabungu. Ndi bwino kuyamba ndi imene ili yochepa kwambiri kuti inzakeyo ingofuna pang'ono.

Dzuwa la mu Okutobala likafika, thukuta limasungunula pensulo masana asanakwane. Kupaka paudala pang'ono pamwamba pake kumathandiza, ndipo popukuta thukuta muzingodinda ndi kansalu m'malo mokhula. Usiku sukusulani ndi kuchotsa zonse.

Pali zinthu ziwiri za umoyo zimene sindingazisiye. Lezala yokonzera m'mbali mwa nsidze si yobwerekana, ngakhale ndi mnzanu wogona naye chipinda chimodzi, chifukwa ikatema khungu itha kufalitsa matenda odzera m'magazi monga a chiwindi a mtundu wa B. Chachiwiri, si nsidze zonse zochepa zimene zili zachibadwa. Munthu amene nsidze zake zinali zodzaza, koma zayamba kuthothoka zokha makamaka chakumchira, atha kukhala ndi vuto la chithokomiro. Matenda a khate nawonso amathothola nsidze. Wotereyu apite kuchipatala akamuyeze, pensulo ibwere pambuyo.