Nyimbo Yotonthoza Anamfedwa: Kuchokera ku Paris Kufika pa Mua

Omvera athu, lero tili pa Mua, m'boma la Dedza, kunsi kwa mapiri kumene mtsinje wa Nadzipokwe umatsetserekera ku chigwa cha kunyanja. Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni pano m'chaka cha 1902. Chipani chawochi chinayambitsidwa ndi Mfalansa, Kadinala Lavigerie, ndipo Misa imene ansembewo anabwera nayo inali ya Chilatini. Maliro akagwa pakati pa akhristu, mapemphero opempha mpumulo wosatha ankamveka m'chinenero chimenecho.

Mawu omwewo a Misa ya maliro ndi amene Gabriel Fauré, katswiri woimba limba ku Paris, anawapekera nyimbo yotchedwa Requiem. Inamveka koyamba mu Januwale 1888 m'tchalitchi cha La Madeleine, patangopita masabata ochepa amayi ake atamwalira. Anapitiriza kuikonza mpaka 1900.

(Nyimbo ikwere pang'ono, kenaka itsike.)

Tcherani khutu. Zoimbira zayamba ndi liwu limodzi lolemera, kwaya n'kulowa chapansipansi, mosathamanga. Opeka ena a nthawi imeneyo ankakonda kuopseza. Mu 1874, Giuseppe Verdi, mu Requiem yake, anajambula tsiku la chiweruzo ndi malipenga ndiponso ng'oma yaikulu yogwedeza chifuwa. Fauré anasiya pafupifupi ndakatulo yonse ya m'Misayo yonena za tsiku la mkwiyolo, n'kutengapo mizere yomaliza yokha, yopempha Yesu kuti apumitse akufa. Gawo limenelo anapatsa liwu limodzi lopyapyala, ndipo tsiku loyamba analiimba ndi mnyamata wa m'kwaya.

Mantha sanawafafanize onse ayi. M'gawo lachisanu ndi chimodzi, bambo wa mawu apansi amapempha chipulumutso, malipenga n'kudzuka, kwaya n'kukweza mawu. Koma mkunthowo sukhalitsa. Gawo lomaliza ndi pemphero loimba potulutsa maliro kupita kumanda, lopempha angelo kuti aperekeze malemu ku paradizo. Zigawo zonse zisanu ndi ziwiri zimatha m'mphindi pafupifupi 35. Mwiniwake ankati kwa iye imfa ndi kumasulidwa, ndipo anthu anamuimbira nyimboyi pa maliro ake mu 1924.

Munthu wa ku Mua, Golomoti kapena Mtakataka sangavutike kumva mtima wa nyimbo yotere. Pa siwa, kwaya ndi amayi a mu mphakati amachezera usiku wonse akuimba. Ntchito yawo si kuopseza anamfedwa, koma kuwagwira mtima kufikira adzukulu atamaliza yawo.

Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, utatsegula khomo la zinenero za anthu, Chichewa, ng'oma ndi visekese zinalowa m'tchalitchi. Bambo Claude Boucher Chisale, amene anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni pano pa Mua mu 1976, anadzipereka kuphunzira ndi kusunga miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kuphatikizapo ya maliro, ndipo zambiri mungazione m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare.

Tsono aphunzitsi a kwaya, pokonzekera 2 Novembala, tsiku lopempherera mizimu ya akufa, imvereni Requiem imeneyi. Muphunziremo kuimba motsitsa mawu koma osafooka, ndi kupuma pamene mawu akufuna mpata. Wofedwa amasowa omukhazika mtima pansi, ndipo kwaya yodziwa kudekha ndiyo imagwira bwino ntchito imeneyo.