Tisanalembe Katswiri Wotipangira Tsamba la pa Intaneti

Pa misonkhano ya makhonsolo a maparishi, ya makomiti a sukulu ndi ya mabungwe osiyanasiyana, nkhani yotsegula tsamba la pa intaneti, lomwe ena amalitcha webusaiti, siikusowa masiku ano. Cholinga chake nchabwino: kuti zilengezo, ndondomeko ya Misa, nkhani za chitukuko ndi malipoti a zachuma zizifika kwa anthu mwachangu, ngakhale kwa abale athu okhala ku Joni kapena ku Mangalande. Popeza ambiri mwa ife luso lopanga tsamba tilibe, timaganiza zolemba katswiri kapena kampani kuti itipangire. Palibe cholakwika pamenepo. Koma ndalama zopita ku ntchito yotere zimachokera m'chopereka cha anthu, ena mwa iwo osauka, choncho m'pofunika timvetse gawo limene tingapereke kwa katswiri ndi gawo limene liyenera kukhalabe m'manja mwathu. Katswiri angathe kutimangira tsamba. Kuganiza chimene tikufuna, kusunga makiyi ake ndi kuyesa ntchito ikatha, zimenezo ndi zathu.

Zimene zidachitika ku America mu 2013

Kuti timvetse bwino nkhaniyi, tiyeni tione zimene zidagwera boma la dziko lolemera koposa. Mu Malichi 2010, mtsogoleri wa dziko la America pa nthawiyo, a Barack Obama, adasainira lamulo lofuna kuti anthu ambiri akhale ndi inshuwalansi yolipirira chithandizo cha kuchipatala. Boma lidakonza zoti anthu azisankha ndi kugula inshuwalansiyo pa tsamba lotchedwa HealthCare.gov, loti litsegulidwe pa 1 Okutobala 2013 ndi kutumikira anthu a m'zigawo 36 za dzikolo. Ntchito yomanga tsambali idagawidwa kwa makampani oposa 30, ndipo gawo lalikulu lidaperekedwa kwa kampani ya CGI Federal mu Seputembala 2011.

Tsiku lotsegulira litafika, anthu miyandamiyanda adayesa kulowa koma tsamba lidakanika. Zikalata za boma zimene zidaululidwa pambuyo pake zidaonetsa kuti pa tsiku loyambalo anthu 6 okha ndiwo adakwanitsa kulembetsa. Padatenga miyezi iwiri, akatswiri ena oitanidwa mwadzidzidzi akugwira ntchito usana ndi usiku, kuti tsambalo liyambe kutumikira bwino anthu ambiri. Mu Januwale 2014 boma lidalengeza kuti ntchitoyo laipereka kwa kampani ina ya Accenture, ndipo mu Epulo 2014 nduna ya zaumoyo, mayi Kathleen Sebelius, idalengeza zotula pansi udindo. Pofika Malichi 2014 boma lidali litavomera kulipira madola 840 miliyoni pa tsambali ndi makina ake.

Ofesi yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma, ya GAO, idatulutsa lipoti lake mu Julayi 2014, ndipo ofufuza a mu unduna wa zaumoyo adatulutsa lawo mu Febuluwale 2016. Zimene adapeza nzimene zingatigwerenso ife. Choyamba, boma lidapereka makontirakiti lisadatsimikize chimene likufuna, ndipo lidali kusinthasintha malangizo ntchito ili mkati. Chachiwiri, padalibe mtsogoleri mmodzi wodziwika woyang'anira ntchito yonse. Chachitatu, kuyesa tsamba lonse kuchokera koyambira mpaka kothera kudachitika m'masabata awiri otsiriza okha, monga momwe makampaniwo adafotokozera aphungu a nyumba ya malamulo mu Okutobala 2013. Kuonjezera apo, kutatsala nthawi yochepa boma lidalamula kuti munthu aliyense ayambe walembetsa dzina asadaone mitengo, motero anthu onse adapanikizana pa khomo limodzi. Ndalama zidalipo, akatswiri adalipo, koma mwini ntchito sadagwire gawo lake.

Tiyambe ndi pepala

Tsamba la parishi kapena la sukulu ndi laling'ono poyerekeza ndi la ku America, komabe njira zogwera nzomwezo. Motero ntchito iyambe ndi komiti ya anthu ochepa, monga Bambo Mfumu kapena wowaimira, mlembi, msungichuma, katekisti ndi wachinyamata mmodzi. Komitiyi, isadaonane ndi katswiri aliyense, ilembe pa pepala mayankho a mafunso awa. Kodi tsambali aziwerenga ndani? Akalowa, akufuna kupeza chiyani? Lidzakhala m'Chichewa, m'Chingerezi, kapena m'zilankhulo zonse ziwiri? Nanga ndani azilemba nkhani sabata ndi sabata? Nthawi zina mayankho ake amaonetsa kuti tsamba la pa Facebook kapena gulu la pa WhatsApp nzokwanira pakadali pano, ndipo kuzindikira zimenezi kumapulumutsa ndalama.

Ngati tatsimikiza kuti tsamba likufunikadi, tigawe zofuna zathu pawiri: zoyenera kukhalapo tsiku lotsegulira, ndi zimene zingadikire. Ndondomeko ya Misa kutchalitchi ndi kunthambi, zilengezo, mbiri yaifupi ndi nambala ya ofesi nzokwanira poyambira. Njira yoperekera chopereka pa foni kapena kuulutsa Misa pa kanema zingabwere pambuyo. Tikumbukirenso kuti owerenga athu ambiri adzalowa pa foni ya m'manja, ndi bandulo ya Airtel kapena TNM yogula movutikira. Tsamba lodzaza ndi zithunzi zikuluzikulu limatha bandulo ndipo limachedwa kutseguka. Izi tiyenera kumuuza katswiri molemba kuyambira pachiyambi.

Nkhani ndi zithunzi zoika pa tsamba nzoti tikonze tokha. Katswiri sadziwa chaka chimene parishi idatsegulidwa kapena maina a miphakati yathu. Masamba ambiri amachedwa chifukwa eni ake sadalembe zoikapo, pomwe katswiri adamaliza kale gawo lake. Posankha zoika, tisamale za chinsinsi cha anthu. Zolembedwa m'mabuku a ubatizo ndi ukwati, maina ndi zithunzi za ana, ndiponso nambala za foni za anthu, siziyenera kuikidwa popanda chilolezo cha eni ake kapena makolo. Dziko la Malawi lidakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act mu 2024, ndipo mabungwe osunga maina a anthu ayenera kulidziwa.

Munthu mmodzi woyankha

Makolo adati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Komiti isankhe munthu mmodzi woti azilankhula ndi katswiri m'malo mwa onse. Ngati lero wapampando auza katswiri kuti tsamba likhale lobiriwira, mawa mlembi nkumuuza kuti likhale loyera, ntchito idzachedwa, mtengo udzakwera, ndipo sipadzapezeka womufunsa. Kusintha kulikonse kudutse kwa munthu mmodziyo, kulembedwe, ndipo katswiri anene ngati kudzaonjezera ndalama kapena masiku.

Posankha katswiri, titenge makoteshoni kwa anthu kapena makampani osachepera atatu, onse titawapatsa pepala limodzimodzi la zofuna zathu. Tiwapemphe atisonyeze masamba amene adapanga kale omwe akugwirabe ntchito, tiwatsegule tokha pa foni, ndipo tilankhule ndi eni masambawo. Tifunsenso kuti adzagwiritsa ntchito pulogalamu yanji. Pulogalamu ya WordPress, yomwe idayamba mu 2003, ndi yaulere ndipo masamba pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse pa dziko lapansi adamangidwa ndi iyo. Ubwino wa pulogalamu yodziwika chotere ngwakuti katswiri woyamba akachoka, wina angapitirize mosavuta. Ngakhale atapezeka Mkhristu mnzathu wodzipereka kugwira ntchitoyi mwaulere, timuthokoze ndi mtima wonse, koma mgwirizano ulembedwebe, chifukwa anthu amasamuka, amadwala, ndipo ena amatanganidwa ndi ntchito zina.

Dzina ndi makiyi

Tsamba lililonse limafuna zinthu ziwiri zolipira chaka ndi chaka. Choyamba ndi dzina lake, lomwe akatswiri amalitcha domain, ndiye kuti adiresi imene anthu amalemba kuti alipeze. Maina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP, pomwe othera ndi .org kapena .com amagulidwa kudzera m'makampani olembetsa maina. Chachiwiri ndi malo osungirapo tsamba pa kompyuta yaikulu yosazimitsidwa, imene amaitcha seva. Kubwereka malowo ndiko amati hosting.

Apa ndi pamene mabungwe ambiri amagwera m'mbuna. Katswiri, pofuna kufulumira, amalembetsa dzinalo m'dzina lake ndi imelo yake. Pakabuka kusamvana kapena iye akasowa, bungwe limapezeka kuti lilibe mphamvu pa tsamba lake lomwe. Nzofanana ndi kumanga tchalitchi pa malo amene chikalata chake chili m'dzina la mmisiri. Choncho dzina ndi malo zilembetsedwe m'dzina la parishi kapena la bungwe, ndi imelo ya ofesi, ndipo mawu achinsinsi olowera asungidwe ndi anthu awiri odalirika. Tsiku lolipira tililembe pa kalendala ya ofesi, chifukwa dzina likapanda kulipiridwa tsamba limazima, ndipo pakapita nthawi munthu wina aliyense angaligule nkuikapo zake.

Msungichuma adziwenso kuti malipiro a chaka ndi chakawa kawirikawiri amawerengedwa m'madola. Mu Novembala 2023, pamene banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bungwe lomwe lidaika mu bajeti ndalama yeniyeniyo popanda yapadera lidapezeka litaperewedwa. Motero tiwerengere mtengo wa zaka zosachepera zitatu tisadayambe.

Mgwirizano ndi kalipiridwe

Mgwirizano wolembedwa utchule masamba oti apangidwe, tsiku lomaliza gawo lililonse, mtengo wonse, ndi kuti ntchito ikatha zonse zidzakhala za bungwe. Utchulenso miyezi imene katswiri adzakonza zolakwika popanda malipiro ena, ndi kuti adzaphunzitsa anthu athu. Ndalama tisapereke zonse pachiyambi. Njira yabwino ndi kulipira m'zigawo: pang'ono poyamba, gawo lina titaona ndi kuvomereza maonekedwe a tsamba, ndipo lotsiriza titayesa ntchito ndi kulandira makiyi onse. Malipiro aliwonse akhale ndi lisiti, kuti pa tsiku lopereka lipoti kwa Akhristu pasakhale chokayikitsa.

Kuyesa tisanalengeze

Boma la America lidakakamira tsiku la 1 Okutobala ngakhale tsamba lidali lisadapse. Nafenso tingakodwe mu msampha womwewo tikaitana alendo olemekezeka ndi kulengeza tsiku la mwambo ntchito isadayesedwe. Tsiku lotsegulira lisankhidwe mayeso atatha. Mayesowo asachitikire pa kompyuta ya katswiri m'tauni, koma pa foni yotsika mtengo, kunthambi kumene netiweki imavuta. Tipemphe gogo mmodzi, mayi mmodzi wa m'bungwe la amayi ndi wachinyamata mmodzi kuti aliyense apeze yekha nthawi ya Misa ya Lamulungu, ife tili chete. Pamene akakamira, pamenepo ndi poyenera kukonza. Tione ngati chilembo cha ŵ chikuoneka bwino, ngati nambala za foni nzolondola, ndiponso ngati adiresi ikuyamba ndi https, chizindikiro choti zimene anthu akulemba pa tsambalo nzotetezedwa. Kenaka tsambalo ligwire ntchito mwakachetechete kwa masabata awiri kapena atatu pakati pa anthu ochepa, tisadalilengeze m'tchalitchi.

Tsamba likatsegulidwa

Walira mvula walira matope. Tsamba limafuna kulisamalira: pulogalamu yake iyenera kukonzedwa nthawi ndi nthawi kuti akuba a pa intaneti asalowe, zonse zili pamenepo ziyenera kukoperedwa ndi kusungidwa pena, ndipo nkhani ziyenera kusinthidwa. Tsamba limene likuonetsabe ndondomeko ya Pasaka ya chaka chatha limasocheretsa anthu ndipo limanyozetsa eni ake. Nchifukwa chake anthu osachepera awiri aphunzitsidwe kuika nkhani ndi zithunzi paokha, ndipo atsogoleri akamasinthana maudindo, mawu achinsinsi aziperekedwa pamodzi ndi mabuku ndi makiyi a ofesi.

Tikupempha makhonsolo ndi makomiti amene ali ndi ganizo lotsegula tsamba kuti pa msonkhano wotsatira ayankhe kaye mafunso anayi. Kodi talemba chimene tikufuna? Ndani adzalankhula ndi katswiri m'malo mwathu? Dzina ndi makiyi zidzakhala m'manja mwa yani? Nanga ndalama za chaka chamawa zidzachokera kuti? Kwa amene tsamba ali nalo kale, ndi bwino sabata lino kufufuza kuti lidalembetsedwa m'dzina la yani ndi kuti tsiku lolipira ndi liti.