Musanalipire nyumba yokonzedwanso kumudzi, kandani khoma

Ntchito yanga ndi yoyendera nyumba. Munthu akafuna kugula, amandituma kuti ndikaone maziko, makoma ndi denga, ndimuuze ngati ndalama yake ikupita pabwino. Kuyambira 2023, pamene bungwe la penshoni la NAPSA linalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo asanapume pa ntchito, ondiimbira ochokera ku Lusaka ndi ku Migodi achuluka, ndipo nkhani yawo imafanana: "Bambo, anditumizira zithunzi pa WhatsApp. Nyumba ili chakufupi ndi msewu wa ku Chanida, aikonza bwino, malata atsopano, matailosi mpaka pakhonde. Kandionereniko."

Kulakalaka nyumba yakale ya kumudzi si kwa ife tokha. Ku Sicily, m'dziko la Italy, matauni a pamwamba pa mapiri monga Sambuca ndi Mussomeli anatchuka chifukwa chogulitsa nyumba zosiyidwa pa mtengo woyambira pa yuro imodzi, eni ake atathawira m'mizinda ikuluikulu. Wogula amapereka chikole, nalonjeza kuti aikonza m'zaka zitatu. Ubwino wa kumeneko ndi woti munthu amagula bwinja akudziwa kuti ndi bwinja. Kwathu kuno bwinja amayamba alimata ndi kulipenta, wogula nkulipira mtengo wa nyumba yatsopano.

Ndikafika sindithamangira pabalaza. Ndimayamba kuseri, kumene wopenta amafika atatopa. M'thumba mumakhala msomali wa mainchesi anayi, kanyundo, ndi chingwe chomangirira kamwala choonera ngati khoma laima chilili. Pulasitala yogwira bwino imalira kuti ngwe ngwe ukaigogoda. Yomwe yalekana ndi njerwa imangoti phu phu. Ndikatero ndimapempha mwini nyumba kuti ndikande pang'ono chakumunsi. Wokana pamenepa wandiuza kale zambiri.

Nyumba zochuluka za m'midzi ya kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe ndi kwa Kathumba zinamangidwa ndi njerwa zootcha koma zolumikiza ndi dothi, zina ndi njerwa zosaotcha n'komwe. Ine sindinyoza dothi. Mu Okutobala nyumba yadothi imazizira bwino kuposa ya mabuloko, ndipo ikakhala ndi khonde lalitali lotchinga mvula imakalambitsa woimanga. Chomwe chimaipha ndi kukonza kosaganiza. Dothi limamwa chinyezi nkuchitulutsanso. Ukalimata simenti yolimba kunja ndi mkati, pamwamba nkupakapo penti wamafuta, chinyezi chokwera kuchokera pansi chimasowa potulukira. Njerwa imafewera mkati mwakachetechete, ndipo pakatha dzinja lachiwiri kapena lachitatu pulasitala imatupa nkuyamba kugwa zibenthuzibenthu. Nyumba zakale zambiri zilibe pulasitiki wakuda uja amisiri amati DPC, amene amayalidwa pamwamba pa maziko kuti madzi asakwere. Simungamulowetse ndi penti. Chizindikiro cha chinyezi chokwerachi ndi ufa woyera ngati mchere ndi penti wotukusira kuyambira pansi kufika cha m'mawondo. Mzere wa penti wakuda m'munsi mwa khoma ndi wokongola, koma ine ndikauona ndimagwada ndi kuupapasa.

Ming'alu si yonse yoopsa. Timizere topyapyala tongoyenda pamwamba pa pulasitala ndi ta simenti youma mofulumira, musataye nato tulo. Woopsa ndi mng'alu woyambira pa ngodya ya zenera, wotsika motsata mizere ya njerwa, wotakasuka kumwamba. Umenewo ukunena kuti maziko asuntha. Zimachitika kwambiri pa nyumba za m'mphepete mwa madambo, pomwe dothi lakuda limafufuma mvula ikagwa nkung'ambika m'chilimwe. Wogulitsa amautseka ndi simenti, koma chigamba chimaoneka ukayang'ana khoma cham'mbali dzuwa litapendeka. Pa katondo wofiira maziko amakhazikika, ngakhale kuti nyumba za m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe zimafuna ngalande kumtunda, chifukwa madzi otsika m'phiri sapempha njira.

Za denga ndinena mwachidule. Malata a geji 28 ndi ochindikala kuposa a 32, nambala ikakwera lata limapyapyala, ndipo utoto wobiriwira kapena wofiira subisa zimenezi kwa munthu amene wagwira m'mphepete ndi zala. Kwerani m'siling'i ndi tochi. Nthawi zambiri malata ndi atsopano koma mitengo ndi yomwe ija ya agogo, chiswe chitadya mkati nkusiya khungu; msomali umangolowa wokha. Onani ngati denga analimangirira ku khoma ndi waya, ndiponso ngati pamwamba pa mazenera pali lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse. Mphepo yobwera ndi mvula zoyamba imasasula madenga ongosanjikidwa. Muli m'mwambamo yang'ananinso mawaya a magetsi, ndipo mukatsika funsani kuti mita ya ZESCO ili m'dzina la yani. Chimbudzi chogejemula cha m'nyumba chimakopa ambiri. Tsatani paipi yake muone kumene yathera. Ndinapezapo ina itangolowa m'dzenje lakale, pafupi ndi chitsime chomwe banja limamwa. Ife timafuna mamita osachepera 30 pakati pa ziwirizi.

Ambiri amaona nyumba kumapeto kwa Ogasiti, akabwera ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Nthawi imeneyo nyumba iliyonse ndi youma ndipo msewu uliwonse ndi wodutsika. Bweraninso mu Febuluwale.

Komabe zonse ndanenazi zili ndi mtengo wake, ndipo ndingakuwerengereni matumba a simenti ofunika. Chomwe sindingakonze ndi nyundo ndi nkhani ya malo, ndipo ndi pamene anthu ophunzira bwino, odziwa kuwerenga mapepala, amagwa chagada.

Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Ena ndi a boma, omwe munthu amapatsidwa taitolo ya zaka 99. Ena ndi a mwambo, oyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo kunja kwa tauni ya Katete, ya Sinda ndi ya Vubwi pafupifupi mudzi uliwonse uli pa malo otere. Pa malo a mwambo simugula dothi. Mumalipira njerwa, malata, mitengo ya mango ndi thukuta la womanga. Chilolezo chokhalapo chimachokera kwa anyakwawa ndi kwa mfumu yaikulu. Kalata yolembedwa pa pepala la m'kope, yosainidwa ndi wogulitsa ndi mnzake wa ku bawo, imangochitira umboni kuti ndalama inasintha manja.

Tsono kwa Achewa funso loyamba si loti nyumba anamanga ndani, koma loti malowo ndi a mbumba iti. Ndikumbuka bambo wina wopuma ntchito ku Migodi amene anagula nyumba yooneka bwino kwa mwamuna wofedwa mkazi. Wogulitsayo sananame: nyumba anamangadi yekha ndi ndalama za thonje, ndipo anaikonzanso asanaigulitse. Koma iye anali mkamwini pamudzipo. Wogula akutsitsa katundu, kunafika mlongo wake wa malemu, mwini mbumba, ndi akuluakulu awiri. Anakhala pansi pa mtengo, napereka moni mwaulemu wonse. "Pepani bambo, inu tilibe nanu mlandu. Alamu anamangadi, sitikana. Koma pano ndi pa amayi athu, ndipo ana a mlongo wathu akulira pompano. Ngati alamu akufuna malata awo, akazule." Wogula anatulutsa kalata yake. Anyakwawa anaiwerenga mpaka pansi, naibweza ndi manja awiri, nati, "Dzina langa silikuonekapo." Wogulitsa anali atabwerera kale kwawo.

Ena amathamangira ku lamulo la chuma cha masiye la 1989, lomwe limagawa 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira malemu. Lamulolo limanena lokha kuti silikhudza malo a mwambo. Ndipo ngakhale pa nyumba ya taitolo, munthu amene khoti lamusankha kuyang'anira chuma cha malemu sangaigulitse popanda chilolezo cha khoti. Mwana woyamba kubadwa amene wakuonetsani pepala la ku khoti la lokolo sanakhale mwini nyumba chifukwa cha pepalalo.

Choncho ndimauza ogula kuti asanaone matailosi akaone anthu. Pitani kwa anyakwawa ndi wogulitsa yemweyo, masana, osati madzulo kuseri kwa golosale. Funsani atsibweni a banjalo, alongo ake, ana akuluakulu ngakhale amene ali ku Lusaka; foni ilipo. Yendani malire ndi oyandikana nawo onse, mukhome zikhomo iwo akuona, ndipo mufunse bwino ngati chitsamba chili kumapeto kwa munda si manda kapena dambwe. Dzina lanu lilowe m'buku la mudzi, kalata ya anyakwawa ipite kwa mfumu yaikulu ikadindidwe. M'madera ena a Petauke ndi Chipata, monga kwa Sandwe ndi kwa Mkanda, mafumu anayamba kupereka zikalata za malo a mwambo zokhala ndi mapu ndi maina a onse okhudzidwa. Ndi njira yabwino, ndipo ndingakonde itafala. Kumene kulibe, chidindo cha mfumu ndi mboni za m'banja ndizo zimakuimirani.

Amene akufuna taitolo adziwe kuti ulendo wake ndi wautali. Mfumu ivomere polemba, khonsolo itume anthu ake kudzaona ngati palibe wina amene akutaya malo, savweya apime ndi kujambula, ndipo mapepala apite kwa Komishinala wa Malo. Taitolo ikatuluka, malowo achoka m'manja mwa mwambo, mudzayamba kulipira msonkho wa malo chaka ndi chaka, ndipo mbumba sidzawaonanso. N'chifukwa chake mafumu ambiri savomera msanga, ndipo pakati pa mudzi weniweni ine sindiwaimba mlandu. Ku Vubwi ndi cha ku Chanida, kumene achibale ali mbali zonse za malire, kumbukiraninso kuti lamulo la malo lija la 1995 silipereka taitolo kwa munthu amene si nzika ya Zambia pokhapokha akakwaniritsa zina zapadera. Nyumba ikakhala pafupi kwambiri ndi msewu waukulu wa Great East, fufuzani ngati sinalowe m'malo osungidwira msewu, pakuti pamenepo ngakhale mfumu ilibe mphamvu yogawa.

Nyumba ya m'tauni yokhala kale ndi taitolo ndi yosavuta, koma musakhulupirire fotokope. Kafufuzeni ku ofesi ya malo ku Chipata ngati dzina ndi lomwelo, ngati nyumbayo si chikole cha ngongole ku banki, ndi ngati msonkho wa malo ulibe zotsalira. Boma liyenera kuvomereza kusintha kwa umwini, ndipo bungwe la misonkho la ZRA limatengapo msonkho wake, umene mwalamulo amalipira ndi wogulitsa. Gwirizanani zimenezi poyambirira.

Ndalama musapereke yonse tsiku limodzi. Gawo loyamba liperekedwe pamaso pa anyakwawa ndi eni mbumba, lachiwiri kalata ya mfumu ikadindidwa, lomaliza makiyi ali m'manja mwanu ndipo katundu wa eni akale watuluka, kuphatikizapo chimanga cha m'nkhokwe ndi mbuzi za m'khola. Tumizani kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni. Wogulitsa akati pali wina wochokera ku Chipata akubwera mawa ndi ndalama yonse m'chikwama, muuzeni kuti amugulitse ameneyo.